Picard kapena Sisko: Ndani Analipira Mtengo wa Mtendere?

Anzanga amandifunsa kawirikawiri kuti ayambe kuonera iti pakati pa masewero awiri a pa TV onena za maulendo a m'mlengalenga, Star Trek: The Next Generation, yomwe inayamba mu 1987, ndi Deep Space Nine ya mu 1993. Pa kaonekedwe ka zithunzi palibe chosiyana kwenikweni, choncho ine ndimaziyeza poona mmene mtsogoleri amasankhira pakati pa kukambirana ndi kuwombera.

Picard, kaputeni wa chombo cha Enterprise mu The Next Generation, ndi munthu wokonda kukambirana, ndipo m'gawo la "Darmok" amapirira mpaka kumvana ndi mlendo amene chilankhulo chake chinali chosamveka. Chomwe chimandinyansa n'chakuti mtendere wake kawirikawiri sulipiridwa, chifukwa sabata ikatha chombo cha Enterprise chimanyamuka n'kusiya mavuto m'mbuyo. Mu "Journey's End" ya mu 1994, pangano la Federation (mgwirizano wa maiko umene Picard ndi Sisko amautumikira) ndi adani ake, a Cardassian, linapereka m'manja mwa adani madera amene munkakhala anthu, ndipo Picard anachoka nkhaniyo ikuoneka ngati yatha.

Ngongole imeneyo inagwera Sisko, mkulu wa siteshoni ya m'mlengalenga ya Deep Space Nine, amene sakanatha kuthawa popeza siteshoni yake imakhala malo amodzi. Anthu otayidwa ndi panganolo anapanga gulu la zigawenga la Maquis, kenako kunabwera nkhondo yolimbana ndi ufumu wamphamvu wa Dominion. Mu "In the Pale Moonlight" ya mu 1998, Sisko amagwirizana ndi Garak, kazitape wakale wa a Cardassian, kupeka umboni wabodza kuti a Romulan, mtundu wina wamphamvu, alowe nkhondoyo kumbali ya Federation. Senatala Vreenak wa a Romulan atazindikira chinyengocho, Garak amamupha ndi bomba, a Romulan n'kulowadi nkhondo, ndipo Sisko amavomereza mumtima kuti imfayo yamupindulira, kenako amafufuta zonse zimene anajambula zokhudza nkhaniyo. Woonera amatsala wopanda pothawira, chifukwa bodza ndi kupha zapulumutsadi miyoyo yambiri.

Komabe Deep Space Nine nayo ndili nayo kukhosi. Mu "For the Uniform", Sisko amathira poizoni m'mlengalenga mwa dziko la a Maquis pofuna kugwira munthu mmodzi, Eddington, mtsogoleri wa a Maquis, ndipo palibe khoti limene linamuzenga mlandu. Pamenepo olemba anamukondera mopitirira muyeso.

Ngakhale zili choncho, ndimalangiza Deep Space Nine kwa amene akufuna kuona kulimbana kwa chikumbumtima. Koma yambani mwaonera "Darmok" ndi "Journey's End", kuti mudziwe mfundo zimene Sisko ankaziphwanya.