Makatoni anayi a vinyo wa pa ukwati, awiri opanda chidindo

Sitolo imene ndinagulako vinyo wa pa ukwati wa mwana wanga ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Tsiku limene ndinkatuluka m'sitolo muja ndinalumbira kuti ndidzapereka imodzi yokha, koma ndadikira kuti mtima utsike, ukwati wa mwana wanga udutse, ndipo zina ndaziona mosiyana.

Ndi imodzi mwa masitolo a vinyo a mbali ya Bellville kuno ku Cape Town, aja amakubweretserani pakhomo mukagula makatoni atatu kupita m'tsogolo. Ine ndinagula anayi, a mabotolo 6 aja, awiri a vinyo woyera wa Chenin Blanc ndi awiri a vinyo wofiira wa Pinotage, pa mtengo wa R89 botolo limodzi. Sitinafune wambiri poti theka la anthu oitanidwa linali la kumpingo kwathu, omwe samwa. Galimoto inafika tsiku lomwe analonjeza, mabotolo osasweka. Pamenepo palibe chowadandaulira.

Pogula ndinawauza chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinachibwereza kawiri: ndikufuna vinyo wokhala ndi chidindo chija cha pakhosi pa botolo, chojambulidwa duwa la protea, cholembedwa kuti Integrity & Sustainability. Wina angafunse kuti mayi wosoka zovala zimenezi zikumukhudza bwanji. Achimwene anga anagwira ntchito m'minda ya mphesa cha ku Worcester ndi De Doorns zaka zisanu ndi ziwiri. Analiko mu 2012 pamene antchito a m'minda ananyanyala, nthawi imene munthu ankalandira R69 pa tsiku, ndipo anaona malipirowo akukwezedwa kufika R105 mu 2013. Pa munda wina ankawatuma kulowa m'mizere mankhwala atangopoperedwa kumene, masamba akudontha. Ankabwera kwa ine kumapeto a mwezi manja atasendeka ngati chinangwa chophika, maso ali psuu, usiku wonse kutsokomola. Pano ali kumudzi ku Ntcheu ndipo chifuwacho sichinawasiye. Ndiye ine sindikanalola kuti pa ukwati wa mdzukulu wa bambo athu pakhale botolo losadziwika kumene lachokera.

Wogulitsa anandiyankha kuti ndisade nkhawa, wawo yense ndi wotsimikizidwa, ngwachilengedwe, antchito amasamalidwa, zonse zili bwino. Ndinalipira.

Madzulo a tsiku lomwe katundu anafika ndinatsegula makatoni aja. Chenin Blanc anali ndi chidindo botolo lililonse. Mwana wanga analowetsa manambala a pachidindocho pa foni yake, pa webusaiti ya SAWIS, bungwe losunga kaundula wa vinyo wa m'dziko muno, ndipo zinatuluka zogwirizana ndi zolembedwa pa botolo. Nditang'amba katoni yachitatu, mutu unaima. Munalibe Pinotage. Munali vinyo wofiira wina, pepala lake lokongola zedi, tsamba lobiriwira lalikulu, kambalame pambali, ndi mawu akuti ngokonda chilengedwe. Pakhosi mbee, popanda kanthu. Katoni yachinayi chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutacha ndinasiya makina, diresi la mkwatibwi lisanathe kupinda m'munsi, n'kukwera takisi ziwiri nditanyamula botolo limodzi m'chikwama. Bambo woyang'anira sitoloyo sanandiyang'ane n'komwe kumaso. Anati Pinotage wa mtengo umenewo anatha, ndiye anaikamo wofanana naye, ndipo malamulo awo amawalola kutero. Ndinati chabwino, koma bwanji osandiimbira foni, ndipo chidindo chili kuti? Analoza tsamba lobiriwira lija n'chala, ati si ichi. Ndinati ayi bambo, ichi n'chithunzi chimene aliyense angajambule. Apo ndiye anaseka, n'kunena mawu amene mpaka lero akundiwawa: akuti pa ukwati ngati wanuwo ndani angasiyanitse, anthu angomwa basi. Ukwati ngati wanuwo! Anthu atatu amene anali pamzere anangoyang'ana pansi. Ine thupi lonse linanjenjemera. Zaka 14 ndili m'dziko muno, ndalama yanga ndimaipeza ndi singano, ndipo R89 yanga siyosiyana ndi ya munthu wina aliyense. Ndinawauza kuti sindichoka pokhapokha andibwezere ndalama kapena andipatse chomwe ndinagula. Iwo anati katoni yotsegulidwa sabweza, n'kulowa mu ofesi, chitseko phwaa.

Ndinaima pamenepo mphindi mwina makumi awiri, misozi ili m'maso. Mnyamata wina amene ankalongedza mashelefu anandimva ndikudziyankhulira ndekha, ndipo anasendera n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, khalani kaye apa, musalire." Anali mwana wakwathu, wa ku Mangochi. Nyenyezi ziwiri mwa zitatuzi n'zake.

Anatenga botolo lija n'kulitembenuza. Anati, "Taonani mayi, palibe chaka, palibe dzina la mtundu wa mphesa, palibe dera. Sikuti anaiwala ayi. Kuno lamulo silola kulemba zimenezo pa botolo ngati vinyoyo sanatsimikizidwe ndi bungwe lotsimikiza vinyo." Anandifotokozera kuti dongosolo la Wine of Origin, lotsimikiza kumene vinyo wachokera, linayamba mu 1973, ndipo botolo likalembedwa dera, monga Stellenbosch kapena Paarl, mphesa zonse ziyenera kuchokera komweko, pamene likalembedwa Pinotage, mphesa zosachepera 85 pa 100 zilizonse ziyenera kukhala za mtundu umenewo. Choncho vinyo anandipatsayo sakanatha ngakhale kudzitchula dzina. Sikuti ngoipa kapena woletsedwa, koma kunena kuti ngofanana ndi amene ndinagula linali bodza.

Kenako anandiuza zimene sindinkafuna kumva. Anati chidindo cha protea chija, chomwe chinayamba ndi vinyo wa 2010, chimatanthauza kuti munda ndi kofululira akutsatira malamulo a IPW, dongosolo limene linakhazikitsidwa mu 1998. Malamulowo amaona za mankhwala ololedwa ndi masiku oyenera kudutsa mphesa zisanathyoledwe, kusunga kaundula wa zomwe wapopera, kusamala nthaka, kumene madzi oipa a kofululira amapita, ndi kuteteza tchire lachilengedwe. Koma mankhwala amapoperabe. Si vinyo wa organic, uja wa mphesa zolimidwa popanda mankhwala ochita kupanga, ameneyo ali ndi ziphaso zake. Ndipo alimi amadzilembera okha mapepala chaka ndi chaka, ofufuza n'kumabwera nthawi ndi nthawi kudzatsimikiza. Za malipiro, nyumba za antchito, maola ogwira ntchito ndi kusalemba ana ntchito, anati muziyang'ana chizindikiro cha WIETA, bungwe limene linayamba mu 2002, kapena cha Fairtrade.

Ndinangoti kakasi. Zaka zonsezi ndinkagula vinyo wa duwa lija ndikuganiza kuti ndikuimira achimwene anga pa zonse, chikhalirecho ndinkaona mbali imodzi yokha. Mbaliyo ndi yofunika, sindikuichepetsa. Munda wosunga kaundula wa mankhwala komanso wodziwa kuti ofufuza abwera suvuta kuufunsa mafunso, ndipo tonse amene tinali kuno pa chilala cha mu 2018, tikusamba m'ndowa ndi malita 50 pa tsiku, tikudziwa kuti madzi si oseweretsa. Koma wogulitsa uja ataphatikiza zonse m'mawu amodzi, chilengedwe, antchito, chidindo, ankangofuna ndilipire msanga. Sitolo yogulitsa vinyo yekhayekha iyenera kuphunzitsa anthu ake kusiyana kumeneku. Zimandipweteka kuti amene ankadziwa ndi wonyamula makatoni, wa m'ofesi ayi.

Mnyamatayo ndi amenenso anapita kukagogoda. Sindinamve zomwe anakambirana, koma bambo aja anatuluka nkhope ili gwa, n'kunena kuti andisinthira ndikawonjezera R14 pa botolo. Kupepesa kunalibe. Ndinawonjezera R168 yonseyo chifukwa ukwati unali Loweruka ndipo ndinalibe mphamvu zoyendanso kwina. Makatoni awiri amene anabweretsa mawa lake anali a Pinotage wa ku Breedekloof, dera la kufupi ndi Worcester, chidindo cha protea pakhosi, chizindikiro cha Fairtrade kumbuyo. Ndinayang'ana botolo lililonse dalaivala ali chiimire pakhomo.

Vinyoyo payekha ndilibe naye mlandu. Chenin Blanc titamuziziritsa m'madzi oundana anali wopepuka, kafungo ka gwafa, ndipo anatha msanga azimayi akudya nkhuku ndi mpunga. Pinotage anagwirizana ndi nyama ya mbuzi yowotcha, wosakhakhala kukhosi ngati ena otchipa aja. Malume a mkwati, amene amagwira ntchito mu lesitilanti ku Franschhoek, ananyamula botolo n'kuliyang'ana pakhosi asanathire, kenako anandigwedezera mutu ali kutali. Patsala mabotolo awiri, limodzi ndalisungira achimwene ndikamapita kumudzi pa Khirisimasi, ngakhale adokotala anawauza kuti asamamwe kwambiri.

Kodi ndingabwererenso? Mwina, poti mitengo yawo ndi yabwino ndipo amasunga nthawi. Koma ndidzapita ndekha, osati kuitanitsa pa foni, ndipo katoni iliyonse idzatsegulidwa pa kauntala ndisanatulutse khadi. Eni sitolo, ngati muwerenga izi, mnyamata wovala juzi yabuluu amene amalongedza shelefu ya vinyo wofiira uja ndiye woyenera kuyankha mafunso a makasitomala. Bambo a mu ofesi aja ndikuyembekezerabe foni yawo yopepesa, nambala yanga ili pa lisiti.