Mabuleki a Hilux: galaja ya kuseri kwa mashopu a pa Kamuzu Road

Amene mumayendetsa galimoto za 4x4 kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, pali galaja ina kuseri kwa mashopu a pa Kamuzu Road yomwe ndingakulozereni mabuleki akayamba kulira. Ilibe chikwangwani. Ndi shedi ya malata, dzenje limodzi ndi anyamata awiri ophunzira ntchito basi. Eni ake ndi bambo achikulire omwe aliyense amangoti madala, ndipo ntchito ya mabuleki amaidziwa. Kungoti musapiteko muli pachangu.

Yanga ndi Toyota Hilux ya 2010, ya dizilo. Imanyamula mpunga wa ku Lifuwu ndi mtedza wa ku Mwansambo ndi ku Benga, ndiye chilimwe imasambira mumchenga, dzinja m'makande. Ikachoka kumeneko imakwera M14 kupita ku Lilongwe, pobwera n'kutsika mitsetse yonse ija ya cha ku Mvera itasenza simenti kapena feteleza. Pa mitsetse imeneyo ndi pomwe chiwongolero chimanjenjemera ndikaponda buleki, galimoto n'kumakokera kumanja, kutsogolo kukumveka chitsulo chikukhuda chinzake.

Amakaniko ambiri ukawauza zimenezi amangoti "ma pad atha bwana", n'kuika atsopano, zatha (ma pad ndi tizidutswa tomwe timapana chitsulo chozungulira chotchedwa disc kuti tayala liime). Madalawa anagulula matayala onse awiri akutsogolo n'kuyala ma pad anayi pa katoni. Atatu anali adakali ndi nyama pang'ono. Lachinayi, lamkati kumanja, linali litadyeka mpaka pachitsulo ndipo linali litakumba mizere pa disc. "Bwana, awa sanathe okha, pali chawadya," anatero. Atamasula caliper, chitsulo chomwe mumakhala ma pad ndi ma piston owakankha, tinapeza kuti kamphira koteteza piston imodzi kanang'ambika kalekale, matope analowa, dzimbiri n'kugwira. Piston imeneyo ikatuluka simabwereranso, ndiye pad imangokhuda disc ulendo wonse ngakhale phazi lisali pa buleki. Kuika ma pad atsopano osakonza pamenepo kukanakhala kutaya ndalama, akanadyekanso chimodzimodzi mvula isanathe. Pa ichi chokha ndalama yanga ndinaipereka ndi mtima umodzi.

Pa ma disc tinakokanakokana pang'ono. Ine ndimafuna akachite skimming, kupala ma disc pa makina kuti asalale, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya masipeya sikambika. Madala sanatsutse ndi pakamwa. Anapala dzimbiri m'mphepete mwa disc n'kundionetsa nambala yomwe a fakitale amadindapo, yonena kupyapyala komwe disc isapitirire, kenako anayeza ndi vernier ine ndikuona. Ya kumanja inali itadutsa kale nambalayo, ya kumanzere itatsala pang'ono. Disc yopyapyala imatentha msanga, imapindika, nthawi zina imachita ming'alu, ndipo makina a skimming akanangoipyapyalitsa kuposa pamenepo. Anakananso kusintha mbali imodzi yokha, akuti mabuleki akutsogolo amasinthidwa awiriawiri kuti galimoto isamakokere.

Vuto lalikulu la galajayi ndi lakuti sasunga sipeya ngakhale imodzi. Ma disc, ma pad ndi timphira ta caliper ndinachita kuitanitsa ku Biwi ku Lilongwe, zinabwera pa minibasi mawa lake, galimoto inagona pomwepo. Zitafika, madala anatsegula bokosi lililonse n'kufananitsa ndi zakale asanamange, poti za feki zachuluka ndipo bokosi lokongola silinena kanthu.

Kamangidwe kake ndinakakonda. Anakwecha dzimbiri pa hub, pomwe disc imakhazikika, ndi burashi ya waya kuti disc ikhale bwinobwino, chifukwa kadothi kochepa kakatsala pamenepo kunjenjemera kumabwerera. Anapukuta mafuta omwe ma disc atsopano amabwera atapakidwa. Mafuta a mabuleki anawachotsa onse, anali atada ngati tiyi wopanda mkaka, n'kuthira DOT 4 ya m'botolo losatsegula. Ambirife sitiwaganizira mafuta amenewa, koma amayamwa chinyontho, ndiye kuno kunyanja chinyontho n'chosasowa. Akakhala ndi madzi amawira pa mtsetse wautali, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Akuti azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Pomaliza anapopa buleki galimoto isanasunthe, kenako tinalowa mu M5 kulowera ku Nkhotakota. Amandiuza ndithamange mpaka 60, nditsitse mpaka cha m'ma 10 osaima, n'kubwerezabwereza, kuti ma pad akhazikike pa disc. Anandidzudzulanso ngati mwana wawo: "Inu a mpunga mumatsika phiri ndi buleki yokha, magiya munawasungira ndani?" Sindinayankhe.

Zomwe sizinandisangalatse ndi izi. Manati a matayala anamanga mnyamata, pochita kuimirira pa paipi yomwe anailowetsa ku sipanala. Torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, palibe. Kumanga koteroko kumathyola mabawuti, kumatha kupinditsanso disc yatsopano yomweyo, ndipo tsiku lomwe tayala lidzaphulike ku Thavite sindikudziwa kuti ndidzamasula bwanji ndekha. Nditadandaula, madala anamasulitsa n'kumangitsanso ndi manja mopingasa, koma amayenera kuona okha. Mbali ina ya galimoto anaikhazika pa chigobo cha mtengo chifukwa sitandi ali nayo imodzi. Lisiti sapereka, ndiye a m'mabungwe omwe mumafunika mapepala musavutike n'kupitako. Pokhala ndi pa tayala lakale, pa dzuwa la Salima.

Mtengo wa ntchito unali wochepera pa wa ma pad okha, ndipo tinagwirizana asanagwire sipanala. Kumbuyo kwa Hilux iyi kuli mabuleki a drum, osati a disc. Anatsegula, anakhuthula mchenga womwe unadzaza m'menemo, anakoka handibuleki, n'kunena kuti ma shoe, omwe amagwira ntchito ya ma pad mu drum, adakali bwino, osawonjezera ngakhale tambala. Mukafuna kupitako, yambani mwawaonetsa galimoto ayeze, muitanitse masipeya ndi chassis number yanu, mudzabwerenso m'mamawa zonse zili m'manja. Lachisanu amatseka masana kupita ku mzikiti.