Pretty Hate Machine: chimbale chilibe mlandu, mlandu uli ndi wogulitsa

Nyenyezi zitatu basi. Ziwiri zomwe ndachotsazo sindinachotsere gulu loimba la Nine Inch Nails ayi, ndachotsera bambo amene anandigulitsa CD imeneyi pa intaneti.

Pa tsamba lawo analemba momveka bwino kuti ndi Pretty Hate Machine ya 2010, ija anaikonzanso kamvekedwe, yachikuto chabuluu, ya nyimbo 11 kuphatikizapo Get Down, Make Love ya Queen kumapeto. Chithunzi chomwe anaika chinalinso chomwecho. Mtengo mapaundi 18 osawerengera positi, ndipo nonse mukudziwa kuti yakale ija simungaigule ndalama imeneyo m'mashopu a zimbale zakale. Phukusi litafika, kutsegula, ndikupeza ndi ija inatulutsidwa ndi kampani ya Rykodisc mu 2005, nyimbo 10, chikuto chakale, kabokosi kong'aluka pakona. Ndinadziletsa, ndinati kaye ndiyimvere. Nyimbo zinayi zoyambirira zinayenda bwinobwino. Itafika yachisanu, Something I Can Never Have, pomwe phokoso lonse limazima nkutsala piyano ndi mawu a woimba wake Trent Reznor okha, CD inayamba kukakamira pamalo amodzi, kubwereza kachidutswa komweko osatha. Kuitembenuza, pansi pake pali mzere wokandika woonekera ndi maso, wotalika ndithu. Pa chimbale chonse, nkukandikira pa nyimbo imene munthu umafuna kuimvera uli chete!

Ndinawalembera mwaulemu, ndi zithunzi zomwe. Yankho lawo ndi limene landikhazika pansi kulemba zonsezi. Choyamba anati nyimbo zake ndi zomwezo, ndiye sakuona chomwe ndikudandaula. Nditawakumbutsa kuti imodzi ikusowa ndipo kamvekedwe nkosiyana, anasintha nkhani, akuti mwina makina anga ndi amene ali ndi vuto, ndiwapukute. Makina omwewo akuimba zimbale zina zonse m'nyumba muno popanda kudumpha. Kenako anakhala chete nthawi yaitali, nkudzatulukira ndi mawu oti andibwezera mapaundi atatu ndikalonjeza kuti sindilemba ndemanga yoipa. Bambo, ngati mukuwerenga pano, ndalama zanu zitatuzo sungani. Munthu wogulitsa zimbale amene sasiyanitsa ya 2005 ndi ya 2010, pomwe ngakhale zikuto zake nzosiyana, ndiye kuti sadziwa malonda ake kapena akudziwa bwino lomwe zimene akuchita. Ine ndikuganiza kuti ndi chachiwiricho.

Koma poti CD ili m'nyumba kale, ndakhala ndikuimvera, yachisanuyo ndikumaidumpha, ndipo mtima unayamba kutsika pang'ono ndi pang'ono. Amene simunamvepo gulu limeneli mukamva zoti nyimbo zake ndi za mtundu wa industrial mumaganiza za phokoso ngati la chigayo, zitsulo kugundana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimbale ichi sichili choncho. Chinatuluka mu Okutobala 1989 pansi pa TVT Records, ndipo ngakhale timati gulu, pafupifupi zonse anaimba ndi Reznor yekha. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito yosesa ndi kuthandiza amisiri ojambula ku Right Track Studio ku Cleveland, ndipo usiku situdiyo ikakhala yopanda anthu ndi pomwe ankajambula nyimbo zake zoyeserera. Zimamveka ndithu kuti ndi za mnyamata amene ali yekhayekha ndi makiyibodi ndi makina oimba ng'oma, wokwiyira chibwenzi, ndalama ndi Mulungu yemwe nthawi imodzi. Pansi pa ukali wonsewo pali nyimbo zoti ukhoza kuyimba nawo, zina mpaka zovinika.

Head Like a Hole, yotsegulira, mpaka lero ilibe inzake pa chimbalechi. Besi yake imayamba mozemba, ng'oma zikulowa chimodzichimodzi, kenako gitala nkugwa mwadzidzidzi pa kolasi. Dzanja la Flood, katswiri wojambula nyimbo, likumveka pamenepo, yemwe uja anadzapanga chimbale cha Violator ndi gulu la Depeche Mode chaka chotsatira, ndipo amene mumakonda Depeche Mode simudzasochera pano. Terrible Lie imabwera pompo osakupatsa mpata wopuma. Sin ndiyo ndimaibwereza kwambiri ndikamayendetsa galimoto. Down in It yokha ndiyo yakalamba moonekera, maka pomwe Reznor akuyesera kurapa, ndipo mwini wake anavomera kale kuti anatengera kwambiri Dig It ya gulu la Skinny Puppy. Kinda I Want To ndi That's What I Get ndi zongodzazira malo, mawu ake ena ndi achibwana moti umachita manyazi m'malo mwake. Komabe Ringfinger imatseka bwino.

Apa ndiye ndinene chomwe sindinayembekezere. Ya 2010 ndinaimverapo kwa mnzanga, ndi chifukwa chake ndinkaifuna: besi yake ndi yonenepa, mawu ali pamwamba, pa sipika zazikulu imagwedeza mawindo. Yakaleyi ndi yotsika, umayenera kukweza voliyumu, ndipo poyamba imamveka yowonda. Koma pa mahedifoni ng'oma zake zimamveka zouma ndi zakuthwa, tizinthu tating'onoting'ono ta kumbuyo, monga mu Sanctified, timamveka patokha osakanikizidwa ndi besi. Kwa ine kuwonda kumeneko kukugwirizana ndi chaka chomwe chimbalechi chinapangidwa. Sindikunena kuti yaposa ya 2010, koma sindikuionanso ngati chinthu chotaya. Ikanakhala yosakandika, nkugulitsidwa pa dzina lake lenileni ndi mtengo wake woyenera, bwenzi pano ndikulemba nyenyezi zisanu mosaumira.

Zina zonse nzachidule: inafika mochedwerapo koma osati modetsa nkhawa, kabuku ka mkati kalimo ndipo nkoyera, envelopu inali yopyapyala yopanda chotetezera chilichonse, mwina nchifukwa chake kabokosi kanang'aluka.

Nkhani ya ndalama ndaipereka kwa a kampani yomwe ndinalipirira, ndikudikira chigamulo chawo. Amene mukufuna ya 2010 kwa wogulitsa ameneyu, muuzeni ajambule kumbuyo kwa CD yeniyeniyo ali nayo m'manja, muwerenge nokha ngati nyimbo zikukwana 11 ndipo yomaliza ndi Get Down, Make Love. Ajambulenso pansi pake powala bwino. Chithunzi chomwe chili pa tsamba lake mpaka lero ndi chija chabuluu, sanachisinthe.