Situdiyo yolipira kapena kachipinda ka kunyumba?

Anyamata mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti tizikajambulira ku situdiyo yolipira kapena tingosonkherana tigule zida zathu, ndiye ndiyankhe kamodzi nonse mumve.

Pa kamvekedwe sindilimbana nazo, yolipira imaposa, chipinda chawo sichilowa phokoso ndipo ena ali ndi jenereta magetsi akathima. Koma imvani zomwe zinandionekera ine. Chaka chatha ndinakwera minibasi mpaka ku Blantyre, tinagwirizana mtengo wa nyimbo imodzi, ndinalipira, ndinajambula mavesi atatu onse bwinobwino, pomaliza producer akuti ndalama ija inali yongojambulira mawu, mixing ndi mastering (kusakaniza mawu ndi biti komanso kusalaza nyimbo pomaliza) zili ndi mtengo wake. Ndinawonjezera. Kenako ndikupempha mafayilo a mawu anga kuti mnzanga adzaikepo kolasi kuno, akuti amenewo ndi a situdiyo, ukawafuna ulipirenso. Mawu anga omwe, mizere yomwe ndinachezera nayo usiku kulemba! Ndinabwerera ndi mp3 imodzi mufoni, ya thiransipoti ndinachita kubwereka, mpaka lero zimandiwawa. Komanso kumeneko nthawi ndi ndalama, ukalakwitsa mzere kawiri munthu wayamba kale kuyang'ana wotchi ndiye umarapa mtima uli m'mwamba.

Kwa mnzathu ku M'baluku kuno ku Mangochi kuli kachipinda kojambuliramo, muli laputopu yakale yokhala ndi FL Studio (pulogalamu yopangira nyimbo), interface yaing'ono (kachipangizo kolumikizira mayiki ku laputopu) ndi mayiki ya condenser. Amene mukufuna kugula, mayiki yamtunduwu imafuna 48V phantom power, magetsi omwe imalandira kuchokera ku interface, ndiye werengeranitu ndi interface yomwe. Mavuto alipo osabisa, kukhoma tinatchinga ndi matiresi, fani timazimitsa tikamajambula ndiye kutentha kwa Mangochi mwezi wa Okutobala mukukudziwa, thukuta kamukamu. Adhana ikayamba ku mzikiti timaima kaye mpaka ithe.

Koma kumeneko ndi komwe ndinaphunzirira kurapa. Pakhonde pamadzadza, wina akumenya biti pa ndowa, wina waponyamo mzere wa Chiyao tonse kukuwa, vesi ikakhala yofooka amakuuza pamaso usanalowe n'komwe kukajambula, ndipo ukhoza kubwereza kakhumi palibe wokuthamangitsa. Mafayilo anga onse ali pa fulashi yanga.

Ine ndalama yanga ikupita ku batire ndi sola ya pa kachipindako. Ku situdiyo yolipira ndidzapitanso pokhapokha atandilembera mtengo wonse, wa mafayilo womwe, ndisanakwere galimoto.