Gastroscopy ndiyo imaonadi chilonda cha m'mimba, koma si paliponse amaichita bwino

Zipatala zambiri zolipira zimayamba ndi kuyeza magazi pofufuza H. pylori, bakiteriya yemwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Perth, Australia, anasonyeza kuti amayambitsa zilonda za m'mimba, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kuyeza kumeneku n'kotsika mtengo, koma phindu lake n'lochepa. Magazi amangosonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboka, ngakhale kanafa kalekale, ndipo za chilonda sanena kanthu. Kuyeza chimbudzi kuli bwino kuposa pamenepo, chifukwa kumapeza kachilombo komwe kalipo lero.

Chomwe chimaona chilonda chenichenicho ndi gastroscopy, imene imachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi m'zipatala zina zolipira. Dokotala amalowetsa kapaipi kofewa, konenepa ngati chala chaching'ono, kokhala ndi kamera ndi nyali kumapeto. Kamadutsa pakamwa ndi kummero, n'kufika m'chifu mpaka poyambira matumbo aang'ono. Ntchito yonse imatenga mphindi 5 mpaka 15. Kukhosi amapoperako lidocaine kuti kuchite dzanzi. Sizipweteka kwenikweni, chovuta n'kumva ngati mukusanza kapaipi kakamadutsa pakhosi. Amene wabayidwa jakisoni wogonetsa asayendetse galimoto kwa maola 24.

Malo odziwa ntchito mumawazindikira musanagone n'komwe pabedi. Amakuuzani kuti musadye kwa maola osachepera 6, chifukwa nsima yotsalira m'chifu imabisa chilonda ndipo ikhoza kulowera m'mapapo. Amafunsa za mankhwala. Omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, amafunika kusiyidwa milungu 2 kusanachitike kuyeza H. pylori, ndipo maantibayotiki milungu 4, apo ayi kachilomboka kamachepa n'kusapezeka ngakhale kalipo. Ambiri amafika atamwa kale omeprazole wogula kufamase, ndiye zotsatira zawo zimanama. Afunsenso za Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin, pakuti mankhwala opha ululuwa okha amatha kuboola chifu popanda kachilombo kalikonse. Za warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, muwauze nokha ngakhale asanafunse.

Pomwe ena amalephera ndi apa: chilonda chikapezeka m'chifu, ayenera kudulapo tizidutswa n'kutumiza kulabotale, chifukwa khansa imatha kuoneka chimodzimodzi ndi chilonda wamba. Pakapita milungu 6 mpaka 8 aunikenso kuti aone ngati chapola. Chilonda cha poyambira matumbo sichifuna zonsezi kawirikawiri. Akakutulutsani opanda lipoti lolembedwa, lonena pomwe pali chilonda ndi kukula kwake, libwerereni.

Wachinyamata amene akungomva kuwotcha pachifuwa angayambe ndi kuyeza chimbudzi, ndalama zisapite pachabe. Koma wochita chimbudzi chakuda bii chonata, wosanza magazi, wowonda popanda chifukwa kapena amene chakudya chikumutsamwa pomeza, afunika kamera msanga. Khansa ya kummero ndi yofala kwambiri kuno ku Malawi, ndipo omeprazole amangochedwetsa kuipeza.