Iowa Writers' Workshop: zimene mlembi amapeza pa zaka ziwiri za MFA ndi zimene sapeza

Iowa Writers' Workshop, pulogalamu yophunzitsa luso lolemba, inayamba mu 1936 pa University of Iowa, mumzinda wa Iowa City ku America, ndipo masukulu ambiri ophunzitsa luso lolemba anatengera kaphunzitsidwe kake. Digiri yake ndi yachiwiri ya zaluso, yotchedwa MFA (Master of Fine Arts), imatenga zaka ziwiri, ndipo ili ndi nthambi ziwiri basi: nkhani zopeka ndi ndakatulo. Chaka chilichonse amatenga anthu pafupifupi 50, theka kunthambi iliyonse, pomwe ofunsira malo amakhala miyandamiyanda. Mu 2006 Lan Samantha Chang anakhala mkulu wake, ndipo maofesi a pulogalamuyi ali m'nyumba yakale yotchedwa Dey House.

Polowa, chimene chimalemera ndi zolemba zanu. Wa nkhani amatumiza masamba a pakati pa 30 ndi 80, wa ndakatulo amatumiza ndakatulo 10 mpaka 12, ndipo zonse zimayenera kufika pakati pa Disembala. Makalata okuchitirani umboni ndi zotsatira za digiri yoyamba zimafunika ndithu, koma sizingapulumutse nkhani yofooka. Ambiri amalakwitsa potumiza zidutswa zambiri zosiyanasiyana pofuna kuonetsa kuti amatha zonse. Nkhani ziwiri zokhwima zimaposa zisanu zosapsa, ndipo yabwino koposa iziikidwa koyambirira chifukwa owerenga amakhala ndi mulu waukulu patebulo.

Ubwino waukulu wa pulogalamuyi ndi wakuti aliyense wotengedwa amalipiriridwa fizi komanso amalandira ndalama zodzisamalira. Ambiri amazigwirira ntchito pophunzitsa a digiri yoyamba, kaya kalembedwe ka nkhani zakusukulu, kaya mabuku, kaya luso lolemba. Pamenepa pamafunika kuchenjera. Kuchonga mapepala a kalasi yonse kumadya masiku, ndipo munthu wa mtima wabwino amatha kuthera mphamvu zake zonse pa ophunzira ake, buku lake lili chigonere. Amene zimawayendera ndi omwe amapatula maola a m'mawa kukhala olemba okha, kuphunzitsa n'kumakuika madzulo kapena pa masiku osankhika. Ndalamazo zimakwanira moyo wosalira zambiri wa munthu mmodzi, osati banja, ndipo zimadulidwa msonkho. Chaka choyamba muwerengerenso zovala zochindikala, poti mu Januwale kuzizira kumatsika kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro.

Mtima wa maphunzirowa ndi kalasi yosula zolemba, yomwe imakumana kamodzi pa sabata kwa maola pafupifupi atatu. Mumakhala anthu khumi kapena khumi ndi awiri, mphunzitsi mmodzi. Amene yafika nthawi yake amagawa nkhani yake kukadali masiku angapo. Anzake amaiwerenga, amalemba ndemanga m'mbali mwa masamba, ndi kumulembera kalata. Tsiku la kalasi, mwambo wakale umati mwini nkhani akhale chete pamene ena akuikambirana. Aphunzitsi ena masiku ano amafewetsa lamuloli, koma cholinga chake n'chomveka: buku likatuluka, mlembi sakhala pambali pa wowerenga kuti azimufotokozera zimene ankafuna kunena. Pa semesita munthu amapeza mwayi umenewu kawiri kapena katatu, ndiye kuti pa zaka ziwiri zonse nkhani zake zimaikidwa patebulo kasanu ndi katatu kapena kupitirirako pang'ono. Si kambiri. Kubweretsa chinthu cholembedwa mothamanga usiku umodzi ndi kutaya chuma.

Zimene zimawonongeka m'chipinda chimenechi n'zodziwika. Mlembi amabwerera kunyumba ndi makalata khumi otsutsana, n'kuyesa kukondweretsa onse. Wina wati chiyambi n'chotalika, wachidula. Wina wati mayi wa m'nkhani sakumveka, wawonjezera ndime yofotokoza. Pomaliza nkhani yasalala koma yafa. Njira yothandiza ndi kusiya makalatawo kwa milungu iwiri, kenako kufufuza malo amene anthu atatu kapena anayi apunthwapo. Malo amenewo ali ndi vuto ndithu, ngakhale mankhwala amene anzanu apereka nthawi zambiri sakhala oyenera. Vuto lina ndi lakuti kalasi yotereyi imakondera nkhani zifupizifupi. Nthano yaitali ikamabwera masamba 20 nthawi imodzi, owerenga amafuna kuti mutu uliwonse uziime pawokha, ndipo mlembi amangobwereza mutu woyamba chaka chathunthu osafika kumapeto.

Kwa mlembi wochokera kwathu kuno pali msampha wina woopsa kuposa awa. Ambiri m'chipindamo sadziwa kuti pamaliro a kumudzi amuna amakhala kuti ndipo amayi amakhala kuti, kapena chifukwa chimene malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake. Adzakupemphani kufotokoza. Mukamvera pempho lililonse, nkhani imasanduka buku lophunzitsa alendo za chikhalidwe, ndipo wowerenga wa ku Dedza kapena ku Chipata amaiona kuti si yake. Muzisiyanitsa kusokonezeka kobwera chifukwa cha chiganizo chosamveka ndi kusokonezeka kobwera chifukwa wowerenga ndi mlendo. Koyambako ndi ntchito yanu kukonza, kwinako ayi.

Mzinda weniweniwo umathandiza. Ndi waung'ono, munthu amayenda wapansi, ndipo mu 2008 UNESCO inauika pa mndandanda wa mizinda ya zolembalemba. Olemba odziwika amawerenga mabuku awo pafupipafupi m'sitolo ya mabuku ya Prairie Lights, ndipo maejenti ogulitsa mabuku kwa osindikiza amabwera kudzakumana ndi ophunzira. Osathamangira kusaina. Ejenti weniweni salipiritsa powerenga. Amatenga 15 peresenti ya ndalama za buku likagulitsidwa. Kumuonetsa buku lofika pakati n'kuwononga mwayi umene subwera kawiri.

Digiri ikatha ndi pamene anthu ambiri amadzidzimuka. Zolemba zomalizira digiri sizikhala buku lokonzeka. Kawirikawiri pamafunikabe zaka zina zolikonza, ndipo nthawi imeneyo palibenso wokulipirani kapena wokuikirani tsiku lomalizira. MFA imakulolezani kuphunzitsa pa yunivesite, koma ntchito zokhazikika n'zochepa ndipo zimafuna munthu wokhala kale ndi buku losindikizidwa. Zotsala ndi zophunzitsa mwaganyu, zolipidwa pa kalasi iliyonse, zambiri zopanda inshuwalansi ya chipatala. Thandizo lina lilipo, monga Stegner Fellowship ya ku yunivesite ya Stanford, ya zaka ziwiri, yomwe imatenga anthu 10 okha pachaka, kapena miyezi 7 ku Fine Arts Work Center, malo osungira olemba ndi aluso ena m'tauni ya Provincetown. Makalata ofunsira zimenezi amatumizidwa chaka chachiwiri chili pakati, choncho wodikira mwambo womaliza maphunziro amakhala wachedwa kale. Chinthu chimene chimakhalitsa kuposa digiriyo ndi anzanu awiri kapena atatu odziwa kuwerenga zolemba zanu. Gwirizanani musanabalalike kuti muzitumizirana masamba mwezi uliwonse.

Mlendo ali ndi nkhawa yowonjezera. Viza ya ophunzira ya F-1 kawirikawiri imalola kugwira ntchito pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro. Mukamaliza, chilolezo cha OPT chimakupatsani miyezi 12 yokha, pa ntchito yogwirizana ndi digiri yanu, chifukwa MFA siili m'gulu la sayansi limene limawonjezeredwa nthawi. Komanso kuyambira 2025 boma la America lakhwimitsa malamulo a viza kwa nzika za Malawi ndi Zambia, motero funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire chilichonse.

Pulogalamuyi imayenera munthu amene ali kale ndi buku m'manja ndipo chimene akusowa ndi nthawi ndi owerenga akuthwa. Kwa ameneyo, zaka ziwiri zolipiridwa popanda ngongole n'zovuta kuzipeza kwina. Wofuna digiri yopezera ntchito akhumudwa. Wolemba m'Chichewa adziwenso kuti makalasi a Workshop amachitika m'Chingerezi. Iye angachite bwino kuyang'ana digiri ina ya MFA pa yunivesite yomweyo, yophunzitsa kumasulira mabuku kuchokera m'zinenero zina kupita m'Chingerezi, ndipo imeneyo ili ndi njira yakeyake yofunsira malo.