Minibasi ya ku Limbe yodzera ku Thyolo

Minibasi yomwe ndinakwera pa Chitakale inali yaukhondo, ndipo kondakitala anabweza chenji popanda kukumbutsidwa, zomwe sizichitika kawirikawiri. Vuto linayambira pa Bvumbwe. Msewu wa M2 ndi wopapatiza pamalopa, choncho dalaivala ataima pakati pa phula kudikira okwera, malole, njinga za kabaza ndi galimoto zina zinandandalika kumbuyo kwathu, popeza ogulitsa tomato ndi kabichi anali atadzaza kale m'mbali mwa msewu ndipo panalibe popatukira. Oitanira anapitiriza kukuwa ngati palibe cholakwika. Mtengo wake sindikuudandaula, koma amene akuthamangira ntchito ku Limbe pa tsiku la msika angachite bwino kukwera yodzera msewu wa Midima.